Madzi Ozizira pa Njanji

Choyamba chimene Atelala, mayi wosoka zovala, anaona chinali madzi. Sanali ambiri ayi, ongokwana m'chikhatho, atadikha pakati pa tinjanji kutsogolo kwa kasiteshoni ka malata. Koma m'chipinda chimenecho madzi anali oletsedwa kuposa mowa m'tchalitchi. Pa zaka makumi atatu ndi zinayi za ukwati wawo, amuna awo sanalolepo ngakhale kapu ya tiyi kudutsa pakhomo pake, poti malata akale akangonunkhiza chinyezi, dzimbiri limabwera ndi abale ake onse. Atelala anayang'ana kudenga, kunali kouma. Anagwira zenera, linali lotseka. Anapukuta madziwo ndi kansalu, nakhoma chitseko osauza munthu.

Amuna awowo anthu ankawatcha Amasitima. Ntchito yawo inali yokonza mawotchi, koma mtima wonse unali pa tisitima toseweretsa takalekale, toyenda ndi sipuling'i yochita kuwayinda ndi kiyi. Anayamba kutolera asanamere ndevu: tina pamsika wa zinthu zakale, tina m'nyumba za anthu osamuka, ndipo tsiku lina analowa m'dzala la zinyalala atavala suti chifukwa choona kagudumu katatulukira. Anali ndi mitu ya sitima khumi ndi isanu ndi iwiri, mabogi osawerengeka, timilatho ndi tinyali. Pathebulo lodzaza chipinda chonse panali mizere isanu ya njanji, yonse yolowa m'mphanga ya kaphiri kamapepala n'kutulukira mbali ina. Atelala chipindacho ankachitcha kwa mkazi mnzanga. Chakudya chikapsa ankauza mwana wawo wamkazi kuti, "Kaitane bambo ako kwa mkazi mnzanga, ngati angawamasule."

Miyezi inayi m'mbuyomo anawapeza atagwa m'chipinda momwemo, dzanja lamanja ndi mwendo zitafa, lilime litamangika. Adokotala anati ndi sitiroko, koma msewu sumvera adokotala. Chiyambire pamenepo Amasitima ankangokhala pachikuku ngati thumba, makiyi atatu a tisitima ali pachingwe m'khosi, pamene sankachoka ngakhale posamba. Madzulo aliwonse Atelala ankasiya makina osokera n'kuwakankha kukafika pakhomo la chipinda chija. Ndi pokhapo pamene maso awo ankadzuka, ndipo zala za dzanja lakufa lija zinkagwederako pang'ono, ngati zikufunafuna kiyi. Atelala sankakonda tisitimato, koma ankadziwa kuti amuna awo atsala kupachikika pa ito tokha.

Usiku wa tsiku la madzilo kunatentha kwambiri, moti anagona atakankhira zofunda kumiyendo. Cha m'ma teni, nyumba yonse ili zii, anamva kaphokoso kumapeto kwa kholido. Kanayamba ngati mbewa ikuteketa pepala, kenako kanakhazikika: kwakata-kwakata, kwakata-kwakata. Kanalowa m'mphanga n'kumveka kutali, kanatuluka, ndipo kabelu ka pasiteshoni kanalira kamodzi, nge! Atelala anatembenuka pabedi. Anapapasa mumdima mpaka kukhudza khosi la amuna awo. Makiyi onse atatu analipo, ndipo amunawo anali maso, akupuma mofulumira.

Kasitimako kanazungulira kasanu ndi kawiri, kanachedwa, kanachedwa, n'kuima. Palibe phazi linamveka, palibe chitseko chinalira. M'mawa anapeza mutu wobiriwira, wokondedwa kuposa yonse, utaima pakamlatho pomwe sunali dzulo lake. Madzi aja anali atabwereranso pamalo pake, ndipo bogi yofiira yonyamula makalata inali itasowa.

Munthu woyamba kumuuza anali mlamu wawo, mng'ono wa Amasitima, wogulitsa nsomba. Iyeyu ankabwera madzulo aliwonse pa njinga yamoto, bokosi lake la nsomba lili kumbuyo, kudzathandiza kunyamula mkulu wake posamba. Aliyense ankamuyamikira, ndi Atelala omwe, chifukwa abale ena onse anali atasowa ngati mvula ya chilala. Atamva nkhaniyo anakhala pansi, nagwira pakamwa.

"Alamu," ananong'ona, "ine ndinkaopa kunena. Kodi zidolezi eni ake ali kuti? Si ana amene anamwalira kalekale? Achimwene anagwera kuti, si momwemo?"

"Musandiopseze, alamu."

"Sindikukuopsezani. Koma madzi otuluka pouma, inu mukuti n'chiyani? Misozi imeneyo."

Atelala anachotsa kiyi wa chipindacho pamsomali wa kukhitchini n'kumugoneka pansi pa pilo. Sizinathandize. Usiku wachiwiri sitima inanyamuka teni itangodutsa, wachitatu cha m'ma leveni, ndipo m'mawa uliwonse madzi analipo ndipo kanthu kena kanali katapita: kanyali, kamunthu kamalata konyamula mbendera, bogi ina. Panjanji ya kusiteshoni panayamba kuoneka timadontho tofiira ta dzimbiri. Amasitima ataona timadonthoto anabuula ngati munthu woponderezedwa ndi khoma.

Nkhani inatuluka m'nyumba, ndipo inabwerera itanenepa. Mayi wa pagolosale yoyandikana anauza anthu kuti usiku amamva tiana tikuseka m'nyumbamo. Wina anati anaona kasitima kakuyenda padenga, nyali zili ng'ani. Ena anati Amasitima ankakwera tisitimato usiku popita kokatamba, ndiye tsiku lina anatsika sitima isanaime. Amayi amene ankadzaza shopu ya Atelala anayamba kutuma anthu kudzatenga nsalu zawo zosasoka. Mwana wawo wamkazi, namwino wa kutali, anaimba foni akulira.

"Amayi, za mizukwazo ine sindikhulupirira, koma inu simukugona, ababa sakugona. Zichotseni basi. Amalume akuti apeza munthu."

Anati amalume, koma ankanena bambo ake aang'ono aja, poti chiyambire ali mwana ankawasokoneza choncho ndipo dzinalo linakanirira. Munthu wopezedwayo anafika Lachitatu madzulo. Anali wamfupi, wa mawu ofewa ngati thonje, ndipo chipewa chake sanachivule ngakhale polowa m'nyumba ya wodwala. Anaima pakhomo la chipindacho, natseka maso, napukusa mutu. Koma Atelala anaona kuti potsegula masowo anathamangira pa mutu wobiriwira uja, n'kumeza malovu.

"Mayi, zinthu izi n'zolemera," anatero munthuyo, amene anthu ankamutcha Achipewa. "Ndizichotsa ine mwaulere, ndikudziwa kokazitaya. Koma zotere sizituluka dzuwa likuona. Loweruka usiku, magetsi ozimitsa."

Atelala anali atatopa mpaka m'mafupa. Anayang'ana makina awo osokera atafundidwa nsalu, anayang'ana mlamu wawo akugwedeza mutu mwachifundo, ndipo anavomera. Kumbuyo kwawo kunamveka kaphokoso. Amasitima anali atafumbata makiyi aja ndi dzanja lamanzere, misozi ikutsikira m'masaya, osatha ngakhale kunena kuti ayi. Atelala anachita manyazi oopsa, moti usiku umenewo analephera kugona pambali pawo.

Mvula inayamba chakumadzulo komweko, ndipo kunazizira zedi. Anatenga mpando, bulangete ndi tochi n'kukakhala m'kholido, moyang'anizana ndi wotchi yapakhoma. Anati ngati n'kufa ndife nditaona chondipha. Teni inakwana, kuli zii. Leveni inadutsa. Madzi ankadontha m'ngalande za padenga, mphepo inkalowa pansi pa chitseko n'kuwanyambita akakolo, ndipo mdima wa kumapeto kwa kholido unkaoneka ngati ukusendera. Thwelofu, wani, palibe kanthu. Anayamba kusinza. Wotchi itagunda kawiri, mkati muja munamveka kuti tiki, kenako kwakata-kwakata.

Mantha anawagwira, inde, koma pansi pa manthawo panatuluka kafunso kamwano. Usiku wotentha sitima inanyamuka teni. Lero kozizira yanyamuka thu koloko. Mzukwa wanji womvera nyengo ngati munthu wa nyamakazi?

Anatsegula chitseko. Tochi inagwira mutu wobiriwira ukulowa m'mphanga wokhawokha, m'chipinda mopanda munthu. Masiku onse aja madziwo ankawapeza m'mawa. Tsopano anawagwira ali atsopano, ndipo chala chinachita dzanzi ndi kuzizira. Pakati pa tinjanji panali kanthu koterera, kochepa ngati chikhadabo, kamene kanasungunuka akukagwira. Ananunkhiza chalacho. Anayandikitsa tochi, naona kamamba ka nsomba kakunyezimira pathebulo.

Sitima itaima anainyamula, kanthu kamene sanachitepo chikwatiwire. Kachitsulo kolowetsapo kiyi kanali kokalikakalika, mano a pulayala akuonekera bwinobwino. Apa zonse zinalumikizana ngati msoko. Munthu amawayinda sitima ndi pulayala, n'kuitsekera kutsogolo ndi chidutswa cha ayezi wa m'bokosi la nsomba, n'kupita kwawo kukagona. Ayeziyo akasungunuka, mzukwa wanyamuka. Nanga loko wa chitsekochi anaika ndani chaka chatha, n'kunena kuti anabwera ndi kiyi mmodzi yekha? Ndipo ndani madzulo aliwonse amati, "Alamu, adyetseni achimwene, ine ndikataye madzi osamba," n'kuchedwa kumeneko?

Atelala sanalire. Anakwiya, mkwiyo wozizira bwino wa munthu amene wapusitsidwa m'nyumba yake yomwe. Analowa kuchipinda chogona, nayatsa nyali, nagwada pambali pa bedi.

"Bambo, ndikhululukireni. Si mizukwa. Ndi mng'ono wanu ndi ayezi wake."

Anafotokoza zonse monong'ona. Amasitima anatseka maso nthawi yaitali, poti m'bale ndi m'bale ndithu. Atawatsegula munali moto umene Atelala anali asanauone miyezi inayi.

"Ndikangonena pakamwa akana, ndipo anthu ati mayiyu wapenga," anatero Atelala. "Ndikufuna anene yekha. Koma ndikufunika makiyi."

Dzanja lamanzere linakwera pang'onopang'ono, linalimbana ndi chingwe, linachivula kudutsa m'mutu. Makiyi amene mkazi wawo sanapatsidwepo zaka makumi atatu ndi zinayi anagwera m'chikhatho chake, akadali ofunda.

Lachinayi ndi Lachisanu mzukwa unapuma. Mlamu anati, "Mwaona, alamu? Amva kuti akupita kwawo." Atelala anayankha kuti, "Zoonadi, alamu, Mulungu akudalitseni," n'kumuthirira tiyi wina. Koma masana onse, shopu ili yotseka, munali sukulu m'chipinda chija. Amasitima ali pachikuku ankaloza ndi chala mitu yoti itengedwe ndi njanji yake. Atelala atalowetsa kiyi koyamba anapeza kuti sakufunika kuuzidwa poimira. Zaka zonse zija akusoka kuseri kwa khoma, khutu linali litasunga: powayinda wobiriwira kiyi amalira kakhumi ndi kawiri, wakuda kasanu ndi katatu, ukapitirira wadula sipuling'i. Amasitima anawayang'ana modabwa.

"Musandiyang'ane choncho," anatero Atelala. "Mkazi mnzako umamudziwa ngakhale usakumufuna."

Za ayezi anazichita mwautelala. Anaumitsa madzi mufiliji m'zitsekerero za mabotolo zosiyana kukula, nayeza chilichonse ndi tepi, nakhala ndi wotchi kuona chimene chimatha msanga ndi chimene chimachedwa. Pansi pa njanji anayalapo tinsalu tomwa madzi, chifukwa iwo sanali wogulitsa nsomba woti n'kudyetsa dzimbiri zinthu za amuna awo.

Loweruka mwana wawo anafika ndi basi yamasana. Atelala anaitananso mayi wa pagolosale ndi amuna ake, ati adzakhale mboni kuti zoipazo zatulukadi. Mayiyo anabwera msanga, poti nkhani yotere sakanalola kuimva kwa wina. Kutada, njinga yamoto itamveka pakona, Atelala analowa m'chipinda chija kanthawi kochepa. Anabisa mitu isanu yowayinda m'mphanga ya kaphiri, uliwonse pamzere wake ndi kachidutswa kake kutsogolo, natuluka akupukuta manja m'chovala.

Achipewa analamula kuti magetsi azimitsidwe, nayatsa kandulo imodzi. Ananena mawu ena osamveka, akuwaza manja uku ndi uku, ndipo anachedwa nazo ndithu pofuna kuti mboni zikhute. Anthu anaunjikana m'kholido, Amasitima ali patsogolo pachikuku. Kenako Achipewa ndi mlamu analowa ndi makatoni n'kuyamba kutsitsa mabogi a pashelefu. Kandulo inkavina, zithunzithunzi za timilatho zikutalika pakhoma. Kunkamveka mpweya wa anthu ndi kukhwekhwereza kwa mapepala basi. Atelala ankawerenga chamumtima, ndipo anayamba kuopa kuti mwina ayezi wawapusitsa.

Tiki.

Mlamu anaima, bogi ili m'manja. M'mphanga munatuluka mutu wobiriwira, pang'onopang'ono, kenako mwaliwiro, kwakata-kwakata, ndipo kabelu kanati nge! Mayi wa pagolosale anakuwa n'kukumbatira amuna ake. Achipewa anasendera kwa mlamu n'kunong'ona mokwiya, koma m'chipinda chaching'ono manong'onong'o amamveka.

"Iwe, zimenezi lero zinali zosafunika."

"Si ine," anatero mlamu, mawu atauma.

Wakuda anatuluka pamzere wachiwiri, kulowera kwina. Asanamalize kuzungulira, wofiirira anatsatira, kenako wina, kenako wina, mpaka thebulo lonse linali phokoso lokhalokha, magudumu akulira, kabelu kakungoti nge! nge! nge! Mphepo ya chitseko inazimitsa kandulo. Mumdimamo munamveka katoni ikugwa, munthu akugunda shelefu, ndi mawu a mwamuna wamkulu akulira ngati mwana wotayika pamsika.

"Mayo ine! Lero sindinaike ayezi! Ndikulumbira sindinaike! Masiku ena aja ndinali ine, koma izi si zanga! Pepani eni ake, pepani, mabogi anu ali kwa Achipewa, tibweza onse!"

Atelala anatambasula dzanja n'kuyatsa magetsi.

Mlamu anali atagwada pakona, manja ali kumutu. Achipewa anali atakwera pazenera mwendo umodzi uli kunja, ndipo anthu anaona koyamba dazi limene chipewa chija chinkabisa. Amuna a mayi wa pagolosale, munthu wosalankhulalankhula, anangomugwira lamba n'kumubwezera m'kati. Tisitima tinapitiriza kuzungulira mwaulemu wake, kenako tinaima kamodzikamodzi.

"Alamu," anatero Atelala modekha, akutulutsa makiyi atatu m'thumba la chovala, "eni ake ndi awa ali pachikukuwa. Apepeseni iwowa. Ndipo tsiku lina mukadzafuna kukhala mzukwa, muzidzayamba mwasamba m'manja. Mzukwa wanu umanunkha nsomba."

Mwana wawo anayang'ana bambo ake aang'onowo osaphethira, mpaka iwo anagwetsa nkhope. Mayi wa pagolosale, amene anamva tiana tikuseka, anayamba kufotokoza kuti iye anakayikira kuyambira pachiyambi. Koma onse anatembenuka atamva phokoso lachilendo kuchokera pachikuku. Amasitima ankaseka. Kunali kuseka kokhota, kwa mbali imodzi ya pakamwa, kosakanikirana ndi chifuwa ndi misozi, koma kunali kuseka ndithu, ndipo Atelala anakumva kukoma kuposa nyimbo ya pa ukwati wawo.

Usiku womwewo amuna a mayi wa pagolosale anaperekeza Achipewa kwawo, nabwerako ndi bogi yofiira, bogi ina ija, kanyali ndi kamunthu ka mbendera, zonse zitakulungidwa bwino m'mapepala ofewa. Munthu wokataya zinthu zoipa sazikulunga choncho. Mlamu anasiya kiyi wake wachinsinsi pathebulo n'kukankha njinga yake osailiza mpaka kukafika pakona. Pofika m'mawa msewu wonse unali utamva, ndipo nsalu zija zinayamba kubwerera, mayi aliyense akunena kuti anangoitenga kuti akaionenso mtundu.

Masana a tsiku limenelo Atelala analowetsa chikuku m'kati mwenimweni mwa chipinda, nakhala pansi ndi kansalu ndi mafuta a makina kuchotsa dzimbiri la pasiteshoni. Mwana wawo anaika mutu wobiriwira pamiyendo ya bambo ake, nalowetsa kiyi, nanyamula dzanja lamanja lija n'kuliika pamwamba pake. Anati kuchipatala amapatsa odwala timipira tofinya, koma apa mankhwala alipo kale. Zala zinagwedera, zinaterereka, zinagwiranso. Thukuta linatuluka pamphumi. Kenako kunamveka kuti tiki. Patapita nthawi, tiki. Kachitatu dzanja linagwa, koma katatu kanakwana kuyendetsa sitima kuchoka pasiteshoni mpaka pakamlatho.

Atelala anasowa chochita ndi chimwemwe chawo, ndiye anachita chimene ankachita nthawi zonse mtima ukadzaza: anathamangira kukhitchini. Anabwera ndi thireyi ya makapu atatu ofuka nthunzi, akuyankhula okhaokha, nalowa nayo mpaka pafupi ndi thebulo.

Amasitima anatukula mutu. Nsagwada zinalimbana, milomo inanjenjemera, mitsempha ya m'khosi inaima. Ndipo mawu amene anasowa miyezi inayi anatuluka, okhakhala ngati chitseko chadzimbiri.

"Tiyi... panja."

Thireyi inatsala pang'ono kugwa. Atelala anabwerera chafutambuyo mpaka m'kholido, naikhazika pansi, nakhala pambali pake, akuseka ndi kulira nthawi imodzi.

"Wamva, mwanawe?" anatero akupukuta maso. "Miyezi inayi ndikuwasambitsa, ndipo mawu oyamba akuikira kumbuyo mkazi mnzanga. Nenaninso, bambo. Chonde nenaninso."

"Panja," anatero Amasitima, ndipo dzanja lawo linabwerera pa kiyi.